Mlongo wa m'bokosi: kodi Nezuko ndi munthu kapena ndi katundu wa mchimwene wake?

Pa makatuni onse a ku Japan amene achinyamata amapatsirana m'mafoni masiku ano, Demon Slayer ndiyo imene munthu wa ku Mulanje sangavutike kuilowa. Mnyamata wa m'nkhaniyi, Tanjiro Kamado, ndi wogulitsa makala. Amakhala kuphiri ndi mayi ake ndi abale ake asanu, bambo adatsogola kale, ndipo iye pokhala mwana woyamba ndiye amatsika ndi dengu la makala kumsana kukasaka ndalama. Tsiku lina kudamudera ali m'njira, nagona kwa mkulu wina m'munsi mwa phiri. Pofika kwawo m'mawa adapeza banja lonse litaphedwa ndi chiwanda chodya anthu, kupatula mlongo wake Nezuko amene thupi lake lidali lofundabe. Tsoka lake, Nezukoyo adali atasanduka chiwanda nayenso. Kuchokera pamenepo nkhani yonse ndi ulendo wa mnyamata wa zaka 13 wofunafuna mankhwala obwezera mlongo wake ku umunthu. Amamubereka m'bokosi la matabwa chifukwa dzuwa likangomuomba apsa, ndipo kukamwa kwake kudamangidwa kachidutswa ka nsungwi kuti asalume munthu.

Nthanoyi adailemba ndi kuijambula ndi Koyoharu Gotouge, ndipo idatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump kuyambira 2016 mpaka 2020, mitu 205 imene idasonkhanitsidwa m'mabuku 23. Kampani ya ufotable idayamba kuisandutsa katuni mu 2019. Za kukongola kwa zithunzi ndi kuthwanima kwa malupanga palibe amatsutsa. Pamene pamagawanika anthu ndi pa bokosilo.

Ku Limbuli mkanganowu ndimaumva kwa ana awiri a mlongo wanga, amene amaonera pa foni imodzi koma saona chinthu chimodzi. Wamkulu ndi mnyamata, amapalasa njinga kututa matumba a chimanga kuchokera kuchipata cha Muloza kubwera nawo kumsika. Wamng'ono ndi mtsikana wa Fomu 4, wakuthwa pakamwa ngati mayi ake.

Mtsikanayu mlandu wake ndi wakuti Nezuko si mpangankhani ayi. Kusukulu adaphunzira kuti mpangankhani timamudziwa ndi zimene amayankhula, zimene amachita, zimene ena amanena za iye, komanso mmene amasinthira nkhani ikamapita. Ndiye amawerenga pa zala. Kuyankhula, sayankhula, kukamwa kuli nsungwi. Kuchita, nthawi yambiri ali mtulo: pamene Tanjiro adali kuphunzira lupanga kwa mphunzitsi wake Sakonji Urokodaki, Nezuko adagona pafupifupi zaka ziwiri osadzuka. Kuti akwane m'bokosi amachepetsa thupi lake kukhala ngati la kamwana, ndipo nzeru zakenso zimaoneka za kamwana, kusangalala akamusisita kumutu. Choipitsitsa kwa iye n'chakuti Urokodaki yemweyo adamunong'oneza Nezuko ali mtulo kuti anthu onse aziwaona ngati abale ake, ziwanda ngati adani. Ngati ubwino wa munthu udachita kuthiridwa m'khutu ndi nkhalamba, tingautame bwanji kuti ndi wake? "Achimwene," adatero tsiku lina, "thumba la chimanga lomwe mumamanga pa keliyala lija nalonso silikutsutsani. Mumalisamala, mumaliphimba mvula ikamagwa, mumatuluka nalo thukuta pachitunda. Koma simunganene kuti mumagwirizana nalo."

Mfundo yakeyi si yachilendo. Wolemba wa ku England, E. M. Forster, m'buku lake la 1927 lonena za kalembedwe ka nthano zazitali, adagawa ampangankhani pawiri: ena ungawafotokoze onse m'chiganizo chimodzi ndipo sadzakudabwitsa, ena ali ndi mbali zambiri ndipo amatha kuchita chimene sumayembekezera koma n'kuchivomereza kuti n'zoona, munthuyu akadachitadi zimenezi. Mtsikanayu akuti Nezuko ndi wa chiganizo chimodzi: amakonda mchimwene wake. Pa anzake a Tanjiro, Zenitsu timadziwa kuti ndi wamantha wofuna kukondedwa, Inosuke timadziwa kuti adaleredwa ndi nguluwe ndipo akuphunzira kukhala ndi anthu. Nanga Nezuko amafuna chiyani chomwe si cha Tanjiro?

Mnyamata uja sakana kuti Nezuko sayankhula. Chomwe amakana n'chakuti kusayankhula ndi kusachita. Amayamba ndi gawo loyambirira lenileni, Urokodaki asanaoneke n'komwe. Giyu Tomioka, mmodzi wa akatswiri opha ziwanda, wamukomola Tanjiro ndipo wagona pa chipale chofewa. Nezuko ali ndi njala ya chiwanda chongosanduka kumene, wavulala, ndipo nyama ili pafupi, mchimwene wake yemweyo. Mmalo momudya akuimirira patsogolo pake atatambasula manja. Pamenepo padalibe womunong'oneza. Kenaka amatchula bwalo la akuluakulu a gulu lopha ziwanda, pamene Sanemi Shinazugawa adabaya bokosi ndi lupanga, nadzicheka mkono n'kuuika pamphuno pa Nezuko magazi akuchucha. Nezuko adatuluka dovu, adanjenjemera, koma adatembenuza nkhope. Ndipo tulo timene mlongo wake amatinyoza, iye amati ndi momwe Nezuko amapezera mphamvu mmalo modya anthu. Kugona kwake ndi kusala kudya. Munthu amene amakwera chitunda ndi makilogalamu 50 kapena 100 m'mimba muli gwaa sachedwa kumvetsa kuti kupirira njala nayo ndi ntchito.

Chitsanzo chake champhamvu chili m'chigawo chimene chidatuluka mu 2023, cha kumudzi wa osula malupanga. Kukucha, dzuwa layamba kutuluka, Nezuko wayamba kupsa, ndipo cha patali chiwanda chikuthamangitsa anthu atatu a m'mudzimo. Tanjiro wamukumbatira mlongo wake kuti amutchinge ku dzuwa, wauma, akulephera kusankha. Amene akusankha ndi Nezuko: akumuponda ndi mwendo kumuponyera kumene kuli anthu aja, iye n'kutsala padzuwa. Apa ndimagwirizana naye mnyamatayu. Thumba silichita zimenezo. Ichi ndi chosankha cha munthu, ndipo chikutsutsana ndi chifuniro cha mchimwene wake, amene ulendo wake wonse udali wopulumutsa iyeyo.

Koma mfundo yake imene idandikhalitsa chete ndi ina. Iye akuti anthu akulakwitsa pofunafuna kuya kwa nkhaniyi mwa Nezuko, chifukwa amene ali pamayeso ndi mchimwene. Funso la nthanoyi ndi lakuti: gulu lonse likagamula kuti m'bale wako salinso munthu, iwe uima pati? Ndipo funso limeneli ku Mulanje sitilimvera m'katuni. Mu September 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka m'boma lino, anthu n'kumati zachokera tsidya la Mozambique, ndipo zidafalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu adatseka misewu ndi miyala ndi mitengo, kusecha magalimoto, kugona panja m'magulu. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adachita kubwera yekha kudzayankhula ndi anthu. Pofika kumapeto kwa October anthu osachepera 9 adali ataphedwa ndi magulu olusa, ndipo mmodzi wa amene adaphedwa ku Blantyre adali mnyamata wodwala khunyu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'katuni ziwanda zilipodi, pomwe kuno palibe adapezeka ndi umboni wopopa magazi a munthu. Ophedwawo adafera mphekesera. Koma kuopsa koimirira pakati pa gulu ndi munthu woganiziridwa n'kumati uyu ndi wanga, ndikumudziwa, n'komweko. Aliyense amene adali ndi zaka zozindikira chaka chimenecho amadziwa kuti woikira kumbuyo mnzake nayenso ankasanduka woganiziridwa.

Ndiye taonani bwalo lija la akatswiri asanu ndi anayi. Ambiri mwa iwo akufuna Nezuko adulidwe mutu, ena akuti Tanjiro adulidwire limodzi poti waswa lamulo. Si anthu oipa. Ambiri adaferedwa abale awo ndi ziwanda, ndipo mantha awo ali ndi maziko. Chimene chikupulumutsa mtsikanayo ndi kalata ya Urokodaki yolonjeza kuti Nezuko akadzangodya munthu, iye mwini, Giyu ndi Tanjiro adzadzipha. Anthu atatu akuika makosi awo ngati chikole cha mtsikana amene sangathe kudziyankhulira. Mnyamata wa mlongo wanga akuti kusayankhula kwa Nezuko ndi kumene kumapatsa chochitikachi kulemera, pakuti woganiziridwa pakati pa gulu sapatsidwa mpata woyankhula, ndipo akayankhula samveka. Pamenepa sindinapeze pomutsutsira.

Pomwe ndimasiyana naye ndi pamene amapitiriza kuti, "Amalume, izitu ndi zathu zomwe. Mwamuna ndi mwinimbumba, amayang'anira alongo ake. Tanjiro akungochita zomwe inu mumachitira amayi." Apa wanena theka.

N'zoona kuti kuno, pakati pa Alomwe ndi Amang'anja, mwamuna ali ndi udindo pa alongo ake ndi ana awo. Ukwati ukamamangidwa amafunika malume, ukagwedezeka amaitanidwa ankhoswe, pamaliro ndi pa mlandu wa malire a munda amayang'ana kwa mwinimbumba. Koma tafunsani kuti amene ali panthaka ndani. Munda umatsata akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mwamuna akakwatira amapita chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, ndipo kwawo amabwera ngati woitanidwa. Amene amatsala pamudzi, amene amadziwa pamene padutsa malire ndi pamene padagona agogo, ndi mlongo. M'boma ngati lino, lomwe malo ambiri abwino adapita ku minda ya tiyi kalekale ndipo anthu adapanikizana pa timinda totsala, mawu a mayi wokhala pamundawo si ochepa. Mwinimbumba amene angafike ndi chigamulo chake m'thumba osamva kaye alongo ake amabwerera nacho. Mlongo wa kuno sali m'bokosi, ndipo kukamwa kwake kulibe nsungwi, ndikuuzeni ine amene ndili naye.

Katswiri wa zachikhalidwe Audrey Richards, amene adafufuza pakati pa Abemba ku Zambia, adalemba mu 1950 za mfundo yovuta kumasula m'mitundu yotsata kuchikazi: mwamuna amakokedwa pawiri, uku ana obereka yekha ndi mkazi wake, uku alongo ake ndi ana awo. Aliyense amene adagawapo ndalama imodzi ya fizi pakati pa mwana wake ndi mwana wa mlongo wake safunika buku kuti adziwe zimenezi. Kulemera kwa chibale kuli pamenepo. Kuli pa mlongo amene wamuthandiza koma sadathokoze, amene wabwerera kwa mwamuna yemwe udamuletsa, amene akukukumbutsa pagulu kuti chaka cha njala sudaoneke. Akulu adati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo mwambiwu umanenedwa anthu akayambana, osati akamamwetulirana.

Tanjiro zonsezi adapulumutsidwa. Bokosi limamulemera pamsana, koma mlongo wake samulemera mumtima. Samunyoza, samukayikira, samupempha chinthu chimene alibe, sasankha njira imene iye akuida. Adani onse a chikondi chawo ali kunja. Kupatula tsiku limene adasanduka chiwanda, nthawi imodzi yokha pamene choopsa chikuchokera mwa Nezuko mwini ndi m'chigawo cha ku Yoshiwara, chimene chidaonetsedwa kumapeto kwa 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022. Polimbana ndi chiwanda chotchedwa Daki, Nezuko akukula thupi, akumera nyanga, akuyamba kusangalala ndi kuponda mdani wake, kenaka akuona mayi wovulala akutuluka magazi n'kumulumphira. Tanjiro akumugwira chakumbuyo, akumupingasa lupanga la m'chimake kukamwa, awiriwo n'kumagubuduzana. Pamenepa nkhani idafika pakhomo pa chinthu chachikulu. Ndiye ikuthetsedwa bwanji? Tanjiro akuimba nyimbo yogonetsa mwana imene ankaimba mayi awo, Nezuko akulira, akuchepa, akugona. N'zogwira mtima, sindikana. Koma mtsikana wa zaka 14 wathetsedwa ngati khanda, ndipo m'mawa mwake palibe choti akambirane.

Yerekezani ndi abale awiri a mu Fullmetal Alchemist ya Hiromu Arakawa, imene idatuluka kuyambira 2001 mpaka 2010. Edward ndi Alphonse Elric adayesa kuukitsa mayi awo. Wamkulu adataya mwendo ndi mkono, wamng'ono adataya thupi lonse, mzimu wake n'kumangiriridwa ku chovala chachitsulo chankhondo. Naponso pali mkulu wofunafuna njira yobwezera mng'ono wake ku thupi. Koma Alphonse amayankhula, ndipo pena akufika pokayikira kuti mwina iye sadakhaleko n'komwe, kuti zikumbukiro zake adachita kumupangira ndi mkulu wake. Edward naye ali ndi funso limene amaopa kufunsa, loti kodi mng'ono wakeyo amamusungira chakukhosi. Awiriwa amatha kupwetekana, ndipo n'chifukwa chake kugwirizana kwawo kumakhala ndi mtengo.

Chodabwitsa n'chakuti Gotouge amadziwa bwino kulemba chibale chotere. Adangochipereka kwa ena. Daki uja ali ndi mchimwene wake, Gyutaro, ndipo mbiri yawo ndi imene ili yakuya kuposa zonse m'katuniyu. Adabadwira kumalo otsikitsitsa a dera la mahule, mnyamatayo wonyansa nkhope, wodya tizilombo ndi mbewa, wogendedwa ndi aliyense. Mtsikanayo, amene dzina lake lenileni ndi Ume, wokongola modabwitsa. Gyutaro adapeza ntchito yotolera ngongole mwankhanza, ndipo kukongola kwa mlongo wake kudali kunyada kwake konse. Ume ali ndi zaka 13 adabaya diso la msilikali wina wolemekezeka amene adabwera ngati kasitomala, ndipo adamumanga n'kumutentha wamoyo. Gyutaro adamunyamula akupumira m'mwamba, kuyenda naye m'chipale chofewa, popanda ndi mmodzi yemwe wowathandiza kufikira chidawapeza chiwanda. Kubereka mlongo kumsana n'komweko, kusowa makolo n'komweko. Tanjiro mwini akuvomereza kuti akadaphonya phazi limodzi, iye ndi Nezuko akadakhala awiriwa.

Tsono imvani mmene akufera. Mitu yawo yadulidwa, ili pansi moyang'anana, ikuyamba kuphwasuka, ndipo akutukwanana. Mtsikana akuti munthu wonyansa chotero sangakhale m'bale wake. Mnyamata akuti mlongo wakeyo wakhala chomulemetsa moyo wonse, bola akadapanda kubadwa. Tanjiro akuchita kumutseka pakamwa ndi dzanja, kuwauza kuti onse akunama, ndi kuti padziko lonse alibe wina wowaikira kumbuyo koma iwo okha. Kenaka mumdima wa pambuyo pa imfa Gyutaro akuulula chimene chimamudya: kuti akadaleredwa ndi munthu wina, Ume akadakhala mtsikana wina, pakuti ndi iye adamuphunzitsa kulanda asanalandidwe. Akumuthamangitsa kuti apite kowala, iye alowe kumoto yekha. Ume akukana, akumulumphira pamsana, ndipo akulowa limodzi. M'mphindi zochepa zimenezi muli mkwiyo, manyazi, kudzitsutsa kwa wolera mnzake molakwika, ndiponso mlongo amene akukana chigamulo cha mchimwene wake ndi pakamwa pake. Pamene ana a mlongo wanga amaonera gawo limeneli, onse awiri adali duu, ndipo ndi malo okhawo amene satsutsana.

Sanemi yemwe adabaya bokosi uja nayenso ali ndi mng'ono wake, Genya, amene adamutcha wakupha ataona kuti wapha mayi awo osadziwa kuti mayiwo adali atasanduka chiwanda. Zaka zonse Genya akufuna kupepesa, Sanemi akumukana kuti alibe mng'ono, pamene cholinga chake n'chakuti mwanayo achoke m'gulu loopsali akakhale moyo wabwinobwino. Pali mapasa Muichiro ndi Yuichiro, palinso Kokushibo amene nsanje pa mphwake Yoriichi idamusandutsa chiwanda. Nkhaniyi yadzaza ndi abale olumana. Oyera ndi awiri apakati okha.

Mnyamata uja yankho ali nalo. Akuti apakatiwo ayenera kukhala oyera kuti enawo ayezedwe pa iwo, monga Rui, chiwanda cha paphiri la Natagumo chimene chidadzipangira banja moopseza, chidazindikira kuti banja lake ndi labodza chitaona Nezuko akudziponya kutsogolo kwa mchimwene wake. Ndi mfundo yomveka, ndipo magazini imene nthanoyi idatulukiramo ndi ya anyamata achisodzera, amene amafuna ngwazi yosagwedezeka. Koma muyezo umenewu wina adaulipira, ndipo wolipirayo ndi mtsikana. Kuti chikondi cha Tanjiro chisadetsedwe, mlongo wake adayenera kulandidwa lilime.

Ndipo lilimelo adali nalo. M'chigawo cha ku Yoshiwara chomwecho, Tanjiro atakomoka, akuona Nezuko wakale, asanasanduke, akumukalipira chifukwa chokonda kupepesa. Akumufunsa ngati umphawi ndiye kuti tsoka, ngati kusowa chovala chokongola ndiye kuti munthu ndi womvetsa chisoni, ndipo akumuuza kuti asamuganizire mmene iye akumvera. Mnyamata wa mlongo wanga amatchula chochitikachi ngati umboni woti Nezuko ndi wakuya. Mchemwali wake amachitchula ngati umboni wa mlandu wake: mtsikana wotereyu adalipo, wolemba ankamudziwa, ndipo adasankha kutipatsa mphindi imodzi ya iye, m'maloto a mwamuna. Pa ichi ine ndili kumbali ya mtsikana.

Amene sanawerenge mabukuwa mpaka kumapeto andikhululukire, pakuti mafilimu omaliza, amene loyamba lake lidatuluka ku Japan mu July 2025, sanafike pamenepa. Pa nkhondo yomaliza yolimbana ndi Muzan Kibutsuji, chiwanda chimene chidapha banja lawo, Nezuko nthawi yambiri ali gone kwina, akudikira kuti mankhwala a dokotala Tamayo agwire ntchito. Mdani amene adamulanda mayi, abale anayi ndi umunthu wake akugonjetsedwa iye kulibe. Akufika ali munthu, nkhondo itatha, n'kupeza kuti Tanjiro ndiye wasanduka chiwanda. Zinthu zatembenuka: akumukumbatira, mchimwene wake akumuluma paphewa, iye osamusiya, mpaka mnzawo Kanao Tsuyuri akubaya Tanjiro mankhwala otsala. Ndi malo abwino kwambiri a Nezuko m'nthano yonse, ndipo akutenga mitu iwiri kapena itatu mwa 205. Atapeza pakamwa pake pambuyo pa zaka zonsezo, mawu ake aakulu ndi opepesa kwa mchimwene wake kuti adamusiya asenze zonse yekha. Za zaka zake zimene adakhala m'bokosi, za njala imene adaipirira, za mayi wovulala uja amene adatsala pang'ono kumudya, palibe akumufunsa, ndipo wolemba sakumupatsa tsamba loti anene.